Ulendo wa ku Chanco kukamvera za zolembalemba: kodi ndalama yake silowa m'madzi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Chamama, ndipo ndimalembako ndakatulo, moti kope lachitatu latsala pang'ono kudzaza. Mnzanga wanditumizira chidziwitso pa WhatsApp choti mwezi wamawa pulofesa wina adzakamba za zolembalemba za ku Malawi ku Chanco (Chancellor College), ku Zomba, ndipo akuti aliyense akhoza kubwera. Mtima wanga uli komweko, koma ku Zomba sindinapondeko chibadwire, ndili ndi dipuloma chabe, ndipo Chingelezi cha mapulofesa chimandiopsa. Bambo a kunyumba akuti ndalama ya ulendowo ndi ya feteleza. Kodi akandilola kulowa? Nanga n'koyenera kuyenda mtunda wonsewo chifukwa cha nkhani ya ola limodzi? Ndine Anaphiri, Kasungu.

Yankho: Zikomo Anaphiri. Pitani. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musavutike kuwafunafuna kumapeto. Komabe bambo a kunyumbawo sananame, feteleza salinso wotchipa, choncho ndiyenera kukufotokozerani bwino chomwe ndalamayo ikagule. Mukangopita kukakhala pampando ola limodzi, n'kuomba m'manja, n'kuthamangira basi, iwo adzakhala atalondola. Ulendo umenewu umabweza ndalama yake kwa munthu amene wapita atakonzeka.

Za pageti zisakudetseni nkhawa. Nkhani yotereyi amaitcha public lecture, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo, kuti ndi ya anthu onse. Safunsa digiri pakhomo, safunsa kalata yokuitanani, ndipo kawirikawiri salipiritsa. Ina amaitcha inaugural lecture, yomwe amakamba munthu amene wangokwezedwa kukhala pulofesa. Imeneyo imakhala ndi mwambo pang'ono, akuluakulu amalowa pamzere atavala mikanjo, koma abale ake a pulofesayo ochokera kumudzi amakhala momwemo ndi zitenje zawo. Inu tengani chiphaso cha unzika, muwauze alonda komwe mukupita, basi. Chofunika kwambiri n'choti muimbire foni dipatimenti yomwe yakonza nkhaniyo kutatsala masiku awiri kapena atatu, mutsimikize tsiku, ola ndi chipinda. Chidziwitso cha pa WhatsApp chimayendabe ngakhale eni ake atasintha tsiku.

Tsopano za malo omwe mukupitawo, chifukwa munthu amamva bwino nkhani akadziwa nyumba yomwe akuimvera.

Tikamati Chanco ndi sukulu ya mbiri, sitikunena za ukalamba. Fort Hare ya ku South Africa inatsegulidwa mu 1916, Makerere ya ku Uganda mu 1922. Yathuyi ndi mwana poyerekeza ndi zimenezo. Lamulo lokhazikitsa University of Malawi linadutsa mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri, mu Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Chancellor College inasamukira ku Zomba, pamalo otchedwa Chirunga, mu 1973. Mu 2021 makoleji ena ataima paokha, Poly n'kukhala MUBAS, a zaumoyo n'kukhala KUHeS, dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba. Ndiye pachikwangwani mukawerenga dzina limenelo, koma wa kabaza mukangomuuza kuti ku Chanco, adzakufikitsani.

Kulemera kwa malowa kuli pa zomwe zinachitikapo. Mu 1970, koleji ikadali ku Chichiri, ophunzira ndi aphunzitsi ochepa anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Mwa oyambitsa munali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, pamodzi ndi aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr ndi Landeg White. Ankakumana sabata ndi sabata madzulo, munthu n'kuwerenga ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuisenda popanda kuyang'ana nkhope. Mayina ambiri omwe timawatchula tikamakamba za ndakatulo za Chingelezi za dziko lino anadutsa m'gulu limeneli: Steve Chimombo, Frank Chipasula, Felix Mnthali, Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena. Anthuwa ankalemba m'nthawi yovuta. Lamulo lounika mabuku ndi zosangalatsa la 1968 linkapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa buku lililonse, ndipo m'chipinda momwe ankakumaniramo sizinkadziwika kuti khutu la boma ndi liti.

Apa ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu, Anaphiri, chifukwa ndi pomwe pali yankho la mantha anu. Alembiwa atasowa njira yonenera zoona poyera, sanakaitenge ku London. Anabwerera kwa agogo awo. Anatenga nanzikambe, kalulu, nthano ya ku Kaphirintiwa, ya Mbona, nyimbo za m'midzi, n'kubisamo zomwe ankafuna kunena. Chimombo, mwana wa ku Zomba komweko, anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga zinachitikira m'tauniyo mu December 1946. Wowerenga wa boma ankaona nkhani ya madzi osefukira. Mmalawi wodziwa mwambi ankamva zina.

Luso limeneli inu mumalidziwa kuposa ophunzira ambiri omwe mukawapeze m'holomo. Ine ndinakulira chakumadzulo kwa Kasungu, ndipo phunziro langa loyamba la chiphiphiritso sindinalilandire kwa pulofesa. Ndinalimva pamtondo. Azakhali anga ankasinja ndi mnzawo, misi iwiri ikulandizana mumtondo umodzi, nyimbo ikuyenda ndi kugunda kwake. Nyimboyo inkanena za tambala amene amalira kwa eni, kwawo kukucha popanda womudzutsa. Amuna awo anali atagulitsa fodya n'kusowa pakhomo sabata yathunthu, ndipo tsikulo anali atakhala pakhonde akusoka mphasa, mutu uli pansi. Dzina lawo silinatchulidwe. Apongozi anamva, mudzi wonse unamva, koma panalibe woti n'kukasuma kwa amfumu kuti watukwanidwa. Patapita zaka, nditakhala m'kalasi ku Chirunga, mphunzitsi akufotokoza m'Chingelezi chozama momwe alakatuli athu ankazembera oletsa mabuku, ndinazindikira kuti akukamba za azakhali anga. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kudziona ngati wobwera.

Sikuti chiphiphiritso chinawapulumutsa onse. Buku la ndakatulo la Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndipo patapita zaka zochepa boma linalichotsa m'masitolo ndi m'masukulu. Pa 25 September 1987 apolisi anamugwira ku Gymkhana Club, mu Zomba momwemo, ali mkulu wa dipatimenti yake pakolejipo. Anakhala m'ndende ya Mikuyu, kunja pang'ono kwa tauniyo, mpaka May 1991, osazengedwa mlandu. Mnthali naye anatsekeredwapo m'zaka za m'ma 1970, Chipasula ndi Mphande anakakhala kunja. David Rubadiri, amene anaphunzira ku Makerere n'kukhala kazembe wathu woyamba ku America, anasiya udindowo mu 1965, n'kukhala zaka zambiri kunja. Anadzabwerera n'kukhala mkulu wa yunivesite yomweyi mu 2000. Mu March 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, ophunzira a ku Chanco anayenda pamsewu kuivomereza, koleji n'kutsekedwa.

Ife a ku Kasungu nkhani imeneyi imatikhudza mwapadera, ndipo ndi bwino kupita mutaiganizira kale. Kamuzu ndi wa kwathu. Ndiye anali Chancellor woyamba wa yunivesiteyi. Great Hall, holo yayikulu yomwe mwina nkhaniyo ikachitikiremo, inamangidwa mu ulamuliro wake, nthawi imodzimodzi ndi Kamuzu Academy ya ku Mtunthama yomwe inatsegulidwa mu 1981. Ndi nthawi yakenso pomwe Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board n'kukhazikitsidwa mu 1972, ndipo Chichewa chomwe iye ankachiyesa chenicheni ndi cha kwathu konkuno. Ntchito yomwe mukugwirayo ili ndi mizu m'zimenezi. Koma ndi boma lomwelo lomwe linatsekera alakatuli, ndipo olankhula Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe amakumbukira zaka zimenezo mosiyana ndi ife. Wokamba nkhaniyo akadzafika pamenepa, musadzamve ngati akunyoza kwanu, ndipo musadzachite manyazi kunena komwe mwachokera. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mphunzitsi wa zolembalemba ayenera kutha kuzinyamula pamodzi.

Nanga Chingelezi chija? Sindikunamizani, nkhaniyo mwachidziwikire idzakhala m'Chingelezi, ndipo mawu ena adzakudutsani. Amawadutsanso anthu a madigiri awiri, kungoti sanena. Pulofesa amakhala atalemba pepala, ndipo gawo loyamba amathera potchula akatswiri ena ndi maganizo awo. Pamenepo musataye mtima, ndi ngati malonje. Dikirani pomwe adzanene kuti mfundo yake ndi yakuti, chifukwa nkhani ya ola lonse imakhala ndi mfundo imodzi kapena ziwiri basi, zina zonse ndi umboni. Ndi zomwe mumawaphunzitsa ana a Fomu 4 pofufuza mfundo yayikulu ya nthano. Musalimbane ndi kulemba liwu lililonse. Gawani tsamba la kope pawiri: mbali ina muzilemba mayina a alembi ndi mabuku omwe akutchulidwa, mbali inayo muzilemba m'Chichewa zomwe zikukubwererani m'mutu, kaya mwagwirizana nazo, kaya mwakana, kaya zakukumbutsani nyimbo ya chimtali ya kwanu. Mbali yachiwiriyo ndi yomwe idzakhale ya phindu pakatha chaka. Ngati mukufuna kujambula mawu pa foni, pemphani kaye kwa okonza.

Musanapite, funsani mutu weniweni wa nkhaniyo ndipo muwerengeko kanthu kamodzi kogwirizana nawo, ngakhale ndakatulo ziwiri zokha za mlembi amene akakambidwe. Mukamva wina akufotokoza ndakatulo yomwe inu mwagona nayo usiku, Chingelezi chimapepuka chokha.

Ikatha nkhani amapereka mpata wa mafunso, ndipo apa ndikukupemphani kuti mudzaimike dzanja. Konzani funso limodzi muli kunyumba, lalifupi, mulilembe. Mudzatchule kuti ndinu mphunzitsi wa Chichewa wochokera ku Kasungu. Mawu okhawo adzatembenuza mitu m'holomo, chifukwa anthu oyenda makilomita oposa 400 kudzamvera za ndakatulo sabwera tsiku lililonse. Chingelezi chikakuthawani pakati, malizani m'Chichewa. Ndinaonapo bambo wina wachikulire, jekete lake lothetheka m'zigongono, akuimirira pa mkumano wotere n'kunena mwaulemu kuti nyimbo ya maliro yomwe wokamba anatchula sinathere pomwe iye anaisiyira. Wokambayo anamupempha kuti aimalize. Bamboyo anachotsa chipewa, n'kuimba mizere itatu yotsalayo ndi mawu onjenjemera, holo yonse ili zii. Pulofesa anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tsiku limenelo ndinaziona ndi maso.

Ngati mukusowa funso, ndikubwerekeni langa, lomwe limandisautsa mpaka lero. N'chifukwa chiyani tikamati zolembalemba za ku Malawi timayambira pa olemba m'Chingelezi? Samuel Josia Ntara anasindikiza Nthondo mu 1933, yunivesite isanalotedwe n'komwe. Pambuyo pake panabwera John Gwengwe, E. J. Chadza, Jolly Max Ntaba, Willie Zingani, mayina omwe Amalawi ochuluka anawadziwira m'kalasi ngati yanuyo. Benedicto Wokomaatani Malunga, amene ndakatulo zake za Chichewa anthu amaziloweza pamtima, anagwira ntchito zaka zambiri ngati mlembi wamkulu (Registrar) wa yunivesite yomweyo. Ndiye kusiyana kwa Chichewa ndi Chanco si kwakukulu monga momwe timaganizira tili kutali, komabe funsolo ndi loyenera kufunsidwa, ndipo likachokera pakamwa pa munthu amene amaphunzitsa mabukuwa tsiku ndi tsiku limalemera kuposa likachokera kwa ine.

Za makope anu atatu aja: musawatenge onse, ndipo musapatse munthu aliyense kope lenileni, ngakhale akhale wotchuka chotani. Mapepala amasowa m'maofesi popanda woipa mtima. Sankhani ndakatulo zisanu zomwe mumazikhulupirira, muzitayipitse pa boma, mulembe dzina ndi nambala yanu pansi, mupange mafotokope angapo. Wokamba nkhaniyo adzazunguliridwa ndi anthu ikatha, ndiye musayembekezere kuti adzawerenga pomwepo. Mupatseni moni, munene chinthu chimodzi chomwe mwatolapo, mufunse ngati mungamusiyire mapepalawo. Koma anthu omwe angakuthandizeni kwambiri mwina si iyeyo. Ndi aphunzitsi achinyamata a m'dipatimenti ya zolembalemba ndi ya zilankhulo za mu Africa, komanso ophunzira omwe amalakatula. Iwo ndi omwe amadziwa za mipikisano, magulu a alembi ndi omwe akusonkhanitsa ndakatulo zoti zisindikizidwe. Muchoke ndi manambala atatu kapena anayi. Ndipo wina akakuuzani kuti ndime yachiwiri ndi yofooka, musakhumudwe. Umenewo ndiye mwambo wa pamalopo kuyambira 1970, ndipo munthu sataya nthawi kusenda ndakatulo yomwe sanaione kanthu.

Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu, choncho musayese kunyamuka tsiku la nkhaniyo. Kuchoka pa boma la Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo kuchoka ku Lilongwe kufika ku Zomba ndi pafupifupi 290. Mu depoti ya ku Lilongwe ndi momwe alendo ambiri amasokonekera. Mabasi ochuluka opita ku Blantyre amadzera ku Zalewa, ndipo amenewo ku Zomba safikako. Inu mufunse yodzera ku Balaka ndi Liwonde, ndipo mufunse kawiri, kwa kondakitala ndi kwa wokwera mnzanu, pajatu safunsa anadya phula. Mukadutsa Dedza ndi Ntcheu, basi yanu iyenera kukhota pa Chingeni. Mukawoloka Shire pa Liwonde, n'kudutsa Machinga, Malosa ndi Domasi, phiri lili kudzanja lamanja, dziwani kuti mwafika. Mtengo wa basi mukafunse sabata yomweyo chifukwa umayenda ndi mafuta. Pogona, yambani mwafufuza wachibale, wa mpingo wanu kapena mphunzitsi mnzanu amene munali naye ku koleji. Apo ayi, malo ogona otsika mtengo alipo m'tauni. Tengani juzi ndi ambulera. Zomba ili patsinde pa phiri, mvula yake sichenjeza, ndipo madzulo kumazizira kuposa momwe thupi la ku Chamama linazolowerera.

Popeza mwalipira kale basi, onjezerani tsiku limodzi la mkati mwa sabata. M'mawa mukapemphe kulowa mu laibulale ya yunivesite, mufunse gawo la mabuku a za Malawi lomwe amalitcha Malawiana. Kenako mupite ku National Archives, komwe lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lisiyidweko. Kumeneko mungagwire ndi manja anu mabuku a Chinyanja omwe munangomva mayina awo, ndi manyuzipepala akale, n'kuona momwe kalembedwe kathu kasinthira. Ku Zomba komweko kulinso Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo ndi yomwe inakonza mtanthauziramawu wa chilankhulo chathu. Mafunso aja mumakangana nawo mu stafu rumu, oti liwu lakuti lilembedwe molumikiza kapena mopatula, eni ake ali kumeneko. Zokwera phiri kukaona Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi n'zabwino, koma ngati nthawi ndi ndalama zapelewera, zisiyeni. Phiri silisamuka. Poyenda m'tauni mudzaona nokha nyumba zakale za boma, pakuti Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975.

Mwina wina akuuzani kuti nkhani zotere masiku ano amazionetsa pa Facebook, ndiye mungogula bandulo. Zikakanikadi, chitani zimenezo, n'kwabwino kuposa kusamva konse. Koma pa foni simungaimike dzanja n'kuonedwa, simungasiye mapepala anu m'manja mwa munthu, ndipo Archives simungalowemo.

Kwa ahedi, lembani kalata msanga yopempha masiku anayi, ndipo mulonjeze kuti pobwera mudzafotokozera aphunzitsi anzanu a zilankhulo zomwe mwamva, ngakhale a masukulu oyandikana nawo. Nthawi zina sukulu imathandizako thiransipoti ikaona kuti phindu ndi la onse; kupempha sikulakwa. Ana anu a Fomu 3 ndi Fomu 4 muwauze musanapite, ndipo muwatume aliyense akafunse agogo ake nyimbo imodzi ya pamtondo, ya chinamwali yomwe ndi yololedwa kuimba poyera, kapena ya kumunda wa fodya, alembe mawu ake ndi tanthauzo lake lobisika. Zabwino zisanu muzitenge m'chikwama limodzi ndi ndakatulo zanu. Mukakaona nkhope ya mphunzitsi wa ku yunivesite akuwerenga zolemba za mwana wa ku Chamama, mudzabwera ndi nkhani yowauza anawo yomwe palibe buku lingawauze.

Bambo a kunyumba musalimbane nawo, nkhawa yawo ndi ya pakhomo ponse. Khalani nawo pansi ndi pepala, muwerengere limodzi basi yopita ndi yobwera, pogona masiku atatu ndi chakudya, muone ngati ingachoke pa malipiro a miyezi iwiri osakhudza ya feteleza. Kamba wa panjira mukonzeretu kunyumba, mtedza wokazinga ndi mbatata yootcha zimafika ku Liwonde bwinobwino. Ndipo ngati pasukulu panu kapena pafupi pali mphunzitsi wina wamayi wokonda zomwezi, mukopeni mupitire limodzi, mugawane chipinda, bambowo mtima udzakhala m'malo. Mukabwerako mundilembere, mundiuze funso lomwe munafunsa ndi momwe anakuyankhirani.